Makutu ndi Pakamwa pa Gulu Lankhondo: Mbiri ndi Kayendetsedwe ka Royal Signals ya ku Britain

Pafupi ndi chipilala cha wotchi ku Mangochi pali mfuti yakale imene inali pa sitima ya Gwendolen. Pakati pa mwezi wa Ogasiti 1914, sitimayi inawoloka nyanja molamulidwa ndi Kaputeni Rhoades n'kukawombera pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, pomwe sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann inali pamtunda ikukonzedwa. Kaputeni wa Ajeremani, yemwe anali mnzake wa Rhoades, anangoti kakasi. Iye sankadziwa n'komwe kuti dziko lake ndi Britain ali pa nkhondo. Uthenga unali utafika kale ku Zomba pa lamya, koma tsidya linalo unali usanafike.

Gulu lililonse lankhondo lili ndi anthu amene ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti zoterezi zisagwere mkulu wawo. Ku Britain anthuwa ali m'gulu lotchedwa Royal Corps of Signals, ambiri amangoti Royal Signals, ndipo gululi analigawa m'ma regiment. Munthu akamva za regiment amaganiza za asilikali mazanamazana akuguba limodzi kukamenya nkhondo pamalo amodzi. Regiment ya Signals siyenda choncho. Nkhondo ikayamba imabalalika: atatu paphiri ili, anayi m'galimoto yotsatira bwana uyo, makumi awiri pa likulu la brigade (gulu lalikulu la asilikali zikwi zingapo), ena kutsidya kwa nyanja. Chifukwa chake chikuyambira pa mahatchi ndi mawaya.

Ana a mainjiniya

Lamya ya magetsi inalowa m'nkhondo za Britain ku Crimea, pakati pa 1854 ndi 1856. Anaiyala ndi a Royal Engineers, mainjiniya a usilikali, popeza ndiwo ankadziwa zokumba, zozika mitengo ndi zolumikiza zitsulo. Waya wina unadutsa pansi pa Black Sea, moti London inayamba kulankhula ndi akuluakulu a kunkhondo tsiku lomwelo m'malo modikira sitima. Akuluakuluwo sanakondwere nazo. Andale okhala pamipando yawofuwofu anayamba kufunsa mafunso ndi kulamula zinthu zomwe sankaziona ndi maso, ndipo dandaulo limeneli silinathe mpaka lero.

Mu 1870 anakhazikitsa kagulu koyamba kongoona za mauthenga, C Telegraph Troop, motsogozedwa ndi Kaputeni Montague Lambert. Kanayamba ndi maofisala 2 ndi asilikali 133, ndipo pofika 1871 kanali ndi maofisala 5 ndi asilikali 245, pamodzi ndi ngolo zokokedwa ndi mahatchi zonyamula mawaya. Nkhondo yake yoyamba inali ya Azulu mu 1879, ndipo kumeneko kunaoneka kuti waya safika paliponse. Asilikali a Colonel Pearson atazingidwa ku Eshowe kwa miyezi yoposa iwiri, ankalankhulana ndi anzawo a ku mtsinje wa Tugela pothwanimitsa dzuwa ndi kalirole. Chipangizo chenicheni cha ntchitoyi, heliograph, chinkatumiza zilembo za Morse, zopangidwa ndi zizindikiro zazifupi ndi zazitali, mtunda wa makilomita makumi angapo, bola kumwamba kukhale koyera. Kummwera kwa Africa, komwe dzuwa silisowa ndipo zitunda ndi zambiri, chinathandiza kwabasi, ngakhale pomwe Mabunu anazinga tauni ya Ladysmith mu 1899 ndi 1900.

Mu 1884 kagulu kaja anakaphatikiza ndi makampani awiri a mainjiniya n'kupanga Telegraph Battalion. Gawo lina linali ku Aldershot, lokonzekera kupita kunkhondo, lina ku London likugwira ntchito limodzi ndi a positi ofesi. Chomwe chinatsala cha nthawi ya mahatchiyo ndi mayina. Asilikali oyenda pansi amanena za company ndi platoon, koma a Signals mpaka pano amati squadron ndi troop, mayina a asilikali okwera pamahatchi, ngakhale hatchi yomaliza inachoka kalekale.

Waya ukaduka

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918, yomwe makolo athu kuno anaitcha ya Chiwaya, ndiyo inakulitsa ntchitoyi. Panthawiyo inali pansi pa Royal Engineers Signal Service, yomwe inayamba nkhondo ndi anthu osakwana 6,000 n'kuimaliza ndi pafupifupi 70,000. Ku France ndi ku Belgium asilikali anali m'ngalande zotalika makilomita mazanamazana, ndipo mkulu wa division, gulu la ma brigade angapo, sankatha kuona anyamata ake. Ankadalira telefoni. Koma mizinga ikayamba kulira, choyamba kuduka chinali waya. Ankaukwirira pansi pafupifupi mamita awiri, komabe asilikali akangotuluka m'ngalande kupita kutsogolo, waya wokwiriridwawo unkatsala m'mbuyo. Apo ndiye pankabwera othamanga ndi kapepala m'thumba, nkhunda zonyamula uthenga kumwendo, nyale zothwanima, mbendera, ndi anyamata a njinga zamoto ovala kansalu koyera ndi kobiriwira ngati thambo pamkono kuti pamsewu asaimitsidwe. Wokonza waya ankakwawa usiku ali ndi waya m'dzanja, kuutsatira mpaka apeze poduka, alumikize, abwerere, kenako bomba lina liudulenso.

Panali vuto lina lomwe linatenga nthawi kuti alizindikire. Matelefoni a nthawiyo ankagwiritsa ntchito waya umodzi, ndipo magetsi ankabwerera kudzera m'nthaka. Ajeremani anazika zitsulo m'dothi pafupi ndi ngalande za adani awo, nalumikiza makina okuzira mawu, n'kumamvetsera zonse. Usiku wa pa 30 Juni kulowa pa 1 Julayi 1916, malo awo omvetsera ku La Boisselle anatola mbali ya uthenga wofunira mafuno abwino asilikali omwe amayenera kuukira kutacha. Kutacha anawapeza ali chire. Tsiku limenelo, loyamba la nkhondo ya ku Somme, Britain inataya anthu 57,470, ndipo 19,240 mwa iwo anafa. 34th Division, yomwe inaukira pa La Boisselle pomwepo, inataya oposa 6,000. Sikuti uthenga umodziwo ndiwo unapha anthu onsewa, Ajeremani ankayembekezera kale, koma unawauza tsiku lenileni. Mankhwala ake anali atapezeka kale mu 1915, pomwe Kaputeni Algernon Fuller anapanga Fullerphone, kachipangizo kotumiza Morse pa magetsi ofooka zedi moti omvetsera m'nthaka sankatola kanthu. Kungoti kanali kasanafike ponseponse.

Nkhondo itatha zinali zoonekeratu kuti ntchitoyi yakula mopitirira kukhala nthambi ya mainjiniya. Pa 28 Juni 1920 Winston Churchill, yemwe anali nduna yoona za nkhondo, anasaina chikalata chokhazikitsa Corps of Signals, ndipo patatha milungu isanu ndi umodzi Mfumu George V inawonjezera dzina lakuti Royal. Pachipewa anaikapo chithunzi cha Mercury, mthenga wa milungu ya Aroma, yemwe asilikali amangomutcha Jimmy. Maphunziro anasamukira ku Catterick mu 1925, ndipo sukulu ya Signals inapita ku Blandford m'chigawo cha Dorset mu 1967, komwe ili mpaka lero pamodzi ndi nyumba yosungira mbiri ya gululi.

Mmene regiment imamangidwira

Choyamba kudziwa n'chakuti si msilikali aliyense wonyamula wailesi amene ali wa Royal Signals. Battalion iliyonse ya oyenda pansi ili ndi anthu akeake a mawailesi, ovala chizindikiro cha battalion yomweyo, ndipo ndiwo amalumikiza ma company ndi ma platoon. A Royal Signals amayambira pamwamba pa apo: kulumikiza battalion ndi brigade, brigade ndi division, division ndi corps, mpaka ku likulu la ku Britain ndi kwa mayiko ogwirizana nawo. Lamulo lakale ndi lakuti wamkulu ndiye amatambasula dzanja kwa wamng'ono. Brigade ndiyo ili ndi udindo woonetsetsa kuti ikumvana ndi ma battalion ake, choncho imatumiza kagulu kake ka Signals kukakhala nawo kumeneko. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo dongosolo lonseli analikonza kuti wolamula adzimvere yekha, osati kudikira mphekesera.

N'chifukwa chake maonekedwe a regiment ya Signals amatsatira likulu limene ikutumikira. Pamwamba pali Lieutenant Colonel, ndi wachiwiri wake, adjutant woona za makalata ndi mwambo, ofisala wokonza ntchito za tsiku ndi tsiku, quartermaster wosunga katundu, ndi Regimental Sergeant Major, mkulu wa onse omwe si maofisala. Pansi pawo pali ma squadron atatu kapena anayi ogwira ntchito kutchire, lililonse lili ndi Meja ndi anthu pafupifupi 100 kapena kuposerapo. Palinso squadron yothandizira, momwe muli amakaniko a REME (gulu lokonza magalimoto ndi zida), ophika, alembi ndi azachipatala, ambiri mwa iwo obwerekedwa kumagulu ena. Squadron imagawidwa m'ma troop, ndipo troop imakhala ndi Lieutenant wachinyamata ndi Staff Sergeant wodziwa zinthu amene, kunena zoona, ndiye amamuphunzitsa ntchito bwana wakeyo. Msilikali wamba kuno satchedwa Private koma Signaller.

Koma mtima wa regiment uli pansi penipeni, pa kagulu kotchedwa detachment: galimoto imodzi, mawailesi, mlongoti, jenereta, anthu atatu kapena anayi, ndi Kopolo mmodzi wowayang'anira. Kopolo ameneyu akhoza kukhala makilomita ambiri kutali ndi ofisala aliyense wa gulu lake, pakati pa anthu a gulu lina omwe samudziwa, ndipo akamuyang'ana ndiye kuti china chasiya kugwira ntchito. Kopolo wa oyenda pansi amakhala ndi bwana wake pafupi. Wa Signals amayenera kuganiza yekha za mafuta a jenereta, mabatire, chakudya, ulonda wa usiku ndi chifukwa chake mawu asiya kumveka.

Pali maudindo awiri apadera. Yeoman of Signals ndiye amakonza za ndani alankhule ndi ndani, pa frequency iti, ndi dzina lanji lobisika, ndi makiyi ati obisira uthenga, ndipo zonsezi zisinthidwe liti. Foreman of Signals ndi mmisiri wamkulu, woona kuti makina alumikizana bwino ndipo owonongeka akonzedwa. Onse awiri amachokera pansi, amasankhidwa atagwira ntchito zaka zambiri, ndipo amachita maphunziro aatali ku Blandford. Mkulu wa squadron wanzeru sapanga chiganizo chachikulu asanamve awiriwa.

Kuti muone mmene zonsezi zimalukirana, taganizirani likulu la brigade likusamuka usiku. Silingathe kuzimitsa zonse n'kunyamuka, chifukwa maola amenewo brigade ingakhale yopanda mutu. Ndiye amaligawa pawiri. Kagulu kakang'ono kamatsogola kupita kumalo atsopano, magalimoto osayatsa nyale. Akafika amakoka maneti obisira magalimoto, amaimika milongoti, amayatsa jenereta, amayala mawaya kuchoka ku tenti ina kupita ku inzake, amalowetsa makiyi m'mawailesi n'kuyamba kuitana gulu lililonse mmodzimmodzi kuti amve ngati akumveka. Zonse zikatheka, ulamuliro umasamutsidwa pa nthawi yomwe anagwirizana, ndipo otsala aja amagwetsa zawo n'kutsatira. Maofisala akamalowa mu tenti kukayang'ana mapu, a Signals amakhala atagwira ntchito usiku wonse, ndipo mwina mawa lake adzachitanso chimodzimodzi.

Phiri likatchinga pakati pa magulu awiri, amaika kagulu pamwamba pake kuti kazilandira mawu mbali ina n'kuwaponya mbali inayo. Pa nkhondo ya ku Falklands mu 1982, 5 Infantry Brigade inali ndi malo otere pa Pleasant Peak, ndipo makina ake anayamba kuvuta. Usiku wa pa 5 kulowa pa 6 Juni, Meja Michael Forge ndi Staff Sergeant John Baker a 205 Signal Squadron anakwera helikopita ya mtundu wa Gazelle kupita kukakonza. Chipangizo chodziwitsa anzawo kuti ndegeyi ndi yawo chinali chozimitsa, chifukwa chinkasokoneza zida zina zoombera ndege, ndipo asilikali apamadzi sanauzidwe za ulendowu. Sitima ya HMS Cardiff inaona kadontho pa radar, inaganiza kuti ndi ndege ya Argentina, n'kuiwombera. Anthu onse anayi, kuphatikizapo oyendetsa awiri, anafera pomwepo. Boma linadzavomereza mu 1986 kuti anaphedwa ndi anzawo omwe.

Khutu la mdani

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse gululi linakula mpaka kupitirira anthu 150,000, ndipo wailesi inalanda malo a waya ngati chida chachikulu, popeza akasinja sangayende akukoka chingwe. Koma wailesi ilibe chinsinsi. Ukalankhula, aliyense amene ali ndi makina oyenera amamva, ndipo ngakhale asamve tanthauzo amadziwa komwe uli.

Ku chipululu cha kumpoto kwa Africa, Rommel, mkulu wa asilikali a Ajeremani, anali ndi kampani yomvetsera, nambala 621, yotsogozedwa ndi Kaputeni Alfred Seebohm. Anthu ake ankadziwa mawu a maofisala a Britain, ankazindikira kagogodedwe ka Morse ka anthu osiyanasiyana, ndipo nthawi zambiri ankauza Rommel zomwe adani ake akukonza zisanachitike. Pa 10 Julayi 1942, asilikali a ku Australia anaigwira kampaniyi pa Tel el Eisa pamodzi ndi mapepala ake, Seebohm n'kufa ndi mabala. Zomwe a Britain anawerenga m'mapepalamo zinawachititsa manyazi. Maofisala ankayankhula momasuka ngati ali pa telefoni ya kunyumba, mayina obisika sankasinthidwa, ndipo mawu ophiphiritsa omwe ankadzinamiza nawo mwana aliyense akanawamasulira. Kuyambira pamenepo anakhwimitsa malamulo a kayankhulidwe ka pawailesi, naika anthu omvetsera asilikali awo omwe kuti agwire olongolola.

Mbali inayo a Britain ankachita zomwezo, mwinanso kuposa. Bletchley Park imatchuka chifukwa chomasula mauthenga obisika a Ajeremani, koma omasulawo sakanakhala ndi chomasula pakanapanda anthu okhala usiku wonse atavala zomvera m'makutu, kulemba zilembo zopanda tanthauzo mosalakwitsa ngakhale chimodzi. Ambiri mwa iwo, monga a ku Beaumanor Hall m'chigawo cha Leicestershire, anali atsikana a ATS, gulu la asilikali aakazi la panthawiyo. Akazi anadzaloledwa kulowa mu Royal Signals mwachindunji mu 1992, gulu la asilikali aakazi okhaokha litathetsedwa.

Nkhani imene aliyense amatchula akafuna kudzudzula a Signals ndi ya ku Arnhem, m'dziko la Netherlands, mu Sepitembala 1944. Asilikali a 1st Airborne Division anatera pafupifupi makilomita 13 kuchokera pa mlatho umene amafuna kulanda. Mawailesi omwe anali nawo anapangidwira mtunda waufupi, ndipo nkhalango ndi nyumba za m'tauni zinaufupikitsanso. Mkulu wa division, Roy Urquhart, ataona kuti sakumva kanthu anapita yekha kutsogolo, anatsekeredwa ndi Ajeremani, nabisala m'denga la nyumba ina, ndipo likulu lake linakhala tsiku ndi theka losadziwa komwe ali. Zinthu sizinayende, ndipo mwa anthu pafupifupi 10,000, omwe anawoloka mtsinje wa Rhine kubwerera anali pafupifupi 2,400. Kwa ine, kuloza chala mawailesi n'kupeputsa nkhani. Amene anasankha malo oterera akutali chotero ankadziwa kapena ankayenera kudziwa mtunda womwe makina awo amafika. Dongosolo la nkhondo linakonzedwa kaye, za mauthenga n'kuganiziridwa pambuyo.

Agogo athu ena anaziona izi ku Burma. Ma battalion a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, momwe malamulo ankaperekedwa m'Chinyanja, anali mu 11th East African Division yomwe inadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula ya 1944 mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Misewu inasanduka matope, ndipo chakudya ndi zipolopolo zambiri zinkaponyedwa kuchokera m'ndege. Ndege singaponye katundu pamalo omwe sinauzidwe. Choncho wailesi yonyowa ndi chinyezi kapena batire lotha mphamvu zinkatanthauza njala. Division imeneyi inali ndi gulu lakelake la Signals, momwe asilikali a ku Africa anaphunzira Morse ndi kuyala mawaya.

Manambala ndi ukonde

Mpaka 1959 magulu ambiri a Signals ankatchedwa ndi dzina la likulu lomwe ankatumikira. Chaka chimenecho anawapatsa manambala, ma regiment kuyambira pa 1 ndipo ma squadron oima paokha kuyambira pa 200. Ndiko kunachokera mayina monga 30 Signal Regiment ndi 216 Signal Squadron.

Zaka makumi anayi za Cold War, mkangano wa mayiko a azungu ndi Soviet Union, zinathera ku West Germany, kukonzekera nkhondo yomwe sinabwere. Funso lalikulu linali lakuti: ngati mauthenga onse amadutsa pa likulu, bomba limodzi likagwera likululo chitsale n'chiyani? Yankho linali Ptarmigan, yomwe inayamba kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1980. M'malo molumikiza likulu ndi likulu, anamwaza magalimoto olumikizira mauthenga m'dera lonse, iliyonse yolumikizidwa ndi zinzake zingapo. Zinali ngati tinjira ta kumudzi: mtsinje ukadzaza apa umadzera uko, ndipo umafikabe. Ofisala anali ndi nambala yakeyake yomwe inkamutsata kulikonse komwe wapita, zaka zingapo anthu wamba asanazolowere foni za m'manja. Ma regiment athunthu anamangidwa kuti azingoyendetsa ukonde umenewu, osatumikira bwana mmodzi koma dera lonse. Ptarmigan inapita nawo ku nkhondo ya ku Gulf mu 1991, ndipo inadzalowedwa m'malo ndi Falcon.

Mawailesi a kutsogolo anasinthanso, kuchoka pa Larkspur kupita pa Clansman m'ma 1970, kenako Bowman cha m'ma 2004. Bowman inabweretsa kubisa mawu pa wailesi iliyonse ndi kuonetsa pa kompyuta pomwe gulu lililonse lili, koma poyamba inali yolemera ndi yodya mabatire moti asilikali ankaseka kuti bola mapu ndi foni ya Nokia. Ntchito yoilowa m'malo, yotchedwa Morpheus, yachedwa zaka zambiri.

Lero ma regiment sali ofanana ngati kale. Ena akadali pa ntchito yakale yotumikira likulu, monga 3rd Division Signal Regiment ku Bulford, kapena 22 Signal Regiment ku Stafford yomwe imathandiza likulu la NATO lotsogozedwa ndi Britain. 216 Squadron ya ku Colchester imatsika ndi parachuti limodzi ndi brigade yake. 18 Signal Regiment, yokhazikitsidwa mu 2005 ku Hereford, imayenda ndi asilikali apadera monga SAS. 30 Signal Regiment ya ku Bramcote ndiyo imakhala chikwama chili m'manja, yokonzeka kunyamuka msanga, ndipo dera lathu lino lawaonapo anthu a mtundu umenewu. Pomwe nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inkatha kumapeto kwa 1979, gulu la Commonwealth la anthu pafupifupi 1,500 linamwazidwa m'timagulu ting'onoting'ono m'malo osonkhanira omenyera ufulu kutchire, ndipo chowalumikiza ndi likulu ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, chinali wailesi basi. Mu 1989, pomwe United Nations inkayang'anira ulendo wa Namibia wopita ku ufulu, gawo la Britain linali la mauthenga.

Palinso Queen's Gurkha Signals, ya asilikali a ku Nepal, yomwe inabadwira ku Malaya ndipo inalandira chizindikiro chake mu 1954. Imeneyi ndi regiment pa dzina ndi pa mwambo, koma ma squadron ake anawagawa m'ma regiment ena, ku York, ku Stafford, ku Bramcote ndi kwina. Amalawi omwe amalowa usilikali wa Britain kudzera mu Commonwealth alibe gulu lawolawo chotere, amangolowa m'magulu wamba, ndipo ntchito zina za Signals zokhudza zinsinsi zimafuna kuti munthu akhale atakhalitsa ku Britain asanaloledwe.

Awiri mwa ma regiment amakono ndi ana enieni a nkhani ya Seebohm ija. 14 Signal Regiment, ya ku Brawdy ku Wales, ntchito yake ndi kumvetsera mdani, kupeza pomwe akulankhulira ndi kumutsekera mawu. Ku Afghanistan timagulu take tinkayenda pansi limodzi ndi asilikali olondera, tili ndi womasulira, kumvetsera a Taliban akuuzana pa mawailesi a m'manja za asilikali omwewo. 13 Signal Regiment anaidzutsanso mu 2020 kuti iteteze makompyuta ndi maukonde a asilikali kwa owathyola kudzera pa intaneti.

Nkhondo ya ku Ukraine yasonyeza kuti chilango cha kulongolola tsopano chimabwera m'mphindi zochepa. Usiku wolowa chaka cha 2023, nyumba yomwe munali asilikali a Russia ku Makiivka inaphulitsidwa, ndipo unduna wa zachitetezo wa Russia unavomereza kuti anafa 89, n'kuloza chala mafoni a m'manja omwe asilikaliwo ankagwiritsa ntchito. Likulu lalikulu la matenti ambiri, majenereta ndi milongoti, longa lomwe linazolowereka ku Iraq ndi ku Afghanistan komwe mdani analibe ndege kapena mizinga yakutali, lero limaoneka patali pa makina omvetsera ndi pa kamera ya droni. Choncho maphunziro abwerera ku zinthu zomwe zinayamba kuiwalika: kuchepetsa likulu, kulimwaza m'timagulu, kusamuka pafupipafupi, kuika mlongoti kutali ndi pomwe pali anthu n'kukoka waya, kulankhula mwachidule kapena kungokhala chete. Zonsezi zikuwonjezera katundu pamutu pa Kopolo uja ndi anthu ake atatu.

Ndipo omvetsera nawo apeza chowazunguza mutu. Kuyambira 2024 mbali zonse ziwiri ku Ukraine zikuulutsa madroni omwe sagwiritsa ntchito wailesi n'komwe. Amakoka kachingwe kopyapyala ka fibre kotalika makilomita khumi kapena kuposerapo, komwe kamamasuka droniyo ikamauluka, ndipo malamulo ndi zithunzi zimadutsa m'menemo. Makina otsekera mawu alibe chotseka pa droni yotere, ndipo makina omvetsera saimva ikubwera.